Bilu ya Amayi ndi mbiri ya chipatala chaulere cha ku Britain

Kalatayo inafika sabata yoyamba ya Januwale 2024, mu envelopu yoyera ya kawindo koonetsa dzina. Dzina linali la Amayi, koma adiresi inali yanga, ya kachipinda komwe ndinkachita lendi m'tauni ina ya kumpoto kwa England. Apa n'kuti Amayi atangobwerera ku Malawi masiku atatu apitawo. Nditaing'amba, maso anathamangira kumunsi kwa pepala, kumene kumakhala nambala yeniyeni: £2,460. Ndinatenga foni n'kuyamba kuwerengetsera m'makwacha. Mukukumbuka kuti mu Novembala 2023 kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti, ndiye paundi imodzi inali itadutsa K2,000. Kugona m'chipatala masiku atatu okha, bilu yake inapitirira K5 miliyoni. Amayi ndi mphunzitsi wa pulayimale wopuma pantchito. Ine ndinali wongomaliza kumene sukulu, wonyamula makatoni usiku m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo viza yanga inali kutha mwezi womwewo.

Chimene chinandisokoneza mutu si kukula kwa ndalamayo kokha ayi. Ndinali nditakhala m'dzikomo miyezi 16, ndipo aliyense, kuyambira woyendetsa basi mpaka pulofesa, ankanena monyadira kuti kuno chipatala n'chaulere. Sankanama. Ineyo ndinali nditaonanapo ndi dokotala kawiri osatulutsa ngakhale tambala. Nanga ulere umenewu unathera pati atafika Amayi? Kusukulu ndinaphunzira mbiri yakale, ndipo anthu ake tili ndi kamatenda kathu: chinthu chikatipweteka timafuna kudziwa kuti chinayamba liti, anachiyambitsa ndani. Ndiye lero ndikufuna ndikufotokozereni kumene ulerewo unachokera, ndi mmene anaumangira mpanda pang'onopang'ono, mpaka mphunzitsi wa ku Ntcheu n'kudzapezeka ali kunja kwake.

Koma poyamba, zomwe zinachitika. Amayi anabwera mu Disembala kudzaona mwana wawo atavala gauni. Kanali koyamba kukwera ndege: kunyamuka ku Lilongwe, kudikira ku Addis Ababa, usiku wonse m'mwamba mpaka London, kenako sitima maola atatu. Pampando sanadzukepo n'kamodzi komwe, poopa kusokoneza mzungu amene ankagona kumbali kwawo. Tsiku lachitatu anayamba kudandaula kuti katumba wa mwendo wamanzere akuwawa. Tinati n'kuzizira basi. Tsiku lachisanu, tikukwera masitepe, anangokhala pansi n'kunena kuti, "Iwe, mpweya ukundithera." Kuchipatala anapeza kuti magazi anaundana mumtsempha wa mwendo chifukwa chokhalitsa malo amodzi, ndipo kachidutswa kena kanathothoka n'kukatseka njira m'mapapo. Matenda amenewa amapha munthu akuyenda.

Ndinene chilungamo: pakhomo la odwala mwadzidzidzi palibe anatifunsa ndalama, ngakhale pasipoti. Anawaika mpweya, anawajambula, anawabaya jakisoni woletsa magazi kuundana, n'kuwagoneka pa wodi. Mawa lake masana kunabwera mayi wina waulemu wake, mafomu ali m'manja. Sanali namwino. Ntchito yake inali yofufuza odwala omwe si okhala m'dzikomo. Ataona viza ya Amayi ya alendo, anandifotokozera modekha kuti chithandizo sichiima, poti matendawa ndi oika moyo pachiswe, koma bilu idzabwera, ndipo mlendo amalipira mtengo wonse n'kuwonjezerapo theka. Amayi anandikodola. "Akuti chiyani mayiwa?" Ndinayankha kuti, "Akungofunsa ngati mwadya." Ambuye andikhululukire.

Inshulansi ya paulendo sitinagule. Viza ya alendo ya ku Britain sikakamiza munthu kukhala nayo, mosiyana ndi ya mayiko a Schengen, ndipo ine amene ndinkalemba mafomu onse ndinati masabata atatu okha, chingachitike n'chiyani. Kulakwa kumeneko n'kwanga, sindikankhira wina aliyense.

Tsopano tibwerere m'mbuyo. Ulere wa ku Britain unabadwira m'chipereganyo. Ku South Wales kuli tauni yotchedwa Tredegar, ya migodi ya malasha ndi mafakitale a zitsulo. Cha mu 1890, anthu ogwira ntchito kumeneko anaphatikiza timabungwe tawo tothandizana n'kupanga bungwe limodzi, Tredegar Workmen's Medical Aid Society. Malamulo ake anali osavuta: pa malipiro a munthu aliyense ankadulapo kandalama kochepa, ndipo iye, mkazi wake kapena mwana akadwala, ankaonana ndi dokotala n'kulandira mankhwala osalipira kanthu. Pofika m'ma 1920, pafupifupi tauni yonse inali m'bungwemo. Mmodzi mwa madokotala amene analembedwa ntchito ndi anthu a m'migodiwa anali A. J. Cronin, yemwe mu 1937 anadzatulutsa buku la The Citadel, lomwe linatsegula anthu maso pa umbombo umene unali m'ntchito ya udokotala masiku amenewo. Ife a kwathu kuno sitingadabwe nazo zimenezi. Ndi banki m'khonde ya matenda, kungoti iyi inkalemba ntchito madokotala.

M'tauni imeneyi ndi momwe munabadwira Aneurin Bevan mu 1897. Anasiya sukulu ali ndi zaka 13, posakhalitsa n'kulowa mumgodi ngati bambo ake. Bambo akewo anamwalira mu 1925 ndi matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la malasha. Mu 1929 Bevan anasankhidwa kukhala phungu wa dera la Ebbw Vale, ndipo ankadziwa bwino kuti kunja kwa Tredegar zinthu zinali zina. Lamulo la 1911 la David Lloyd George linkapereka dokotala kwa wantchito wa malipiro ochepa, koma mkazi wake wa pakhomo ndi ana ake ayi, ndiponso silinkalipira kugonekedwa m'chipatala. Mayi akadwala ankapirira, kusunga shilingi kuti mwina mwana angadzadwale. Mu 1942, nkhondo ili mkati, William Beveridge anatulutsa lipoti lotchula matenda ngati chimodzi mwa zimphona zisanu zofunika kuzigonjetsa nkhondo ikadzatha. Chipani cha Labour chitapambana mu 1945, Clement Attlee anapatsa Bevan unduna wa zaumoyo.

Sizinayende mophweka. Madokotala, kudzera m'bungwe lawo la British Medical Association, anakanitsitsa kusanduka antchito a boma. Bevan anawanyengerera: madokotala akuluakulu anawalola kumaonabe odwala olipira pambali, ndipo madokotala a m'madera, amene eni ake amawatcha ma GP, anakhala odziimira okha, ongochita pangano ndi boma. Pa 5 Julaye 1948 National Health Service, NHS mwachidule, inayamba kugwira ntchito, ndipo Bevan anakaitsegulira pa Park Hospital ku Davyhulme, kufupi ndi Manchester. Gawo lalikulu la ndalama zake linkachokera ku misonkho, ndipo zili choncho mpaka lero. Chipereganyo cha tauni imodzi chinasanduka cha dziko lonse.

Tsiku limenelo, pakati pa madokotala a m'madera mu London panali munthu wa ku Kasungu. Hastings Kamuzu Banda anamaliza udokotala pa Meharry Medical College ku America mu 1937, n'kudzatenga mapepala ena ku Edinburgh mu 1941 kuti athe kugwira ntchito m'mayiko olamulidwa ndi Britain. Olemba mbiri yake amanena kuti ankafuna kubwerera kwawo, koma tsankho la pakati pa azungu a m'zipatala za Nyasaland linamutsekera njira. Ndiye anagwira ntchito ku Liverpool, kenako North Shields, ndipo kuyambira 1945 mpaka 1953 anali ku Harlesden, kumene odwala ake ambiri anali azungu. Tangoganizani. Pamene mzungu wa ku Harlesden ankayezedwa pachifuwa mwaulere ndi dokotala wa ku Kasungu, kumudzi kwa dokotalayo anthu ambiri ankadalira zipatala za mishoni monga Nkhoma, Livingstonia ndi Malamulo, ndipo ku Zomba ndi ku Blantyre boma la atsamunda linali ndi chipatala cha azungu pachokha, cha anthu akuda pachokha. Queen Elizabeth Central Hospital inadzatsegulidwa mu 1958.

Kamuzu sanali mlendo yekha m'nyumbamo. Kutatsala milungu iwiri kuti NHS iyambe, sitima ya Empire Windrush inatsitsa anthu a ku Caribbean pa doko la Tilbury, ndipo kuyambira 1949 boma linkapita dala ku zilumbazo kukakopa atsikana kuti adzaphunzire unamwino. Ena anachokera ku Ireland, madokotala ku India ndi Pakistan. Chipatala chaulere cha ku Britain chinaimirira pa mapewa a alendo chiyambire tsiku loyamba.

Nanga mlendo akadwala? Funso limeneli silachilendo. Anamufunsa Bevan mwiniwake, ndipo anayankha m'buku lake la 1952, In Place of Fear. Mfundo zake, ndikaziika m'mawu anga, zinali izi. Kumana mlendo chithandizo ndi kuuma mtima, komanso n'kupanda nzeru. Mlendo ali m'dzikomo amagula zinthu zokhala ndi msonkho, ndiye naye akuponya m'thumba lomwelo. Ndipo chachikulu: kodi mlendo ungamudziwe bwanji pongomuona? Ukafuna kugwira mlendo, nzika iliyonse iyenera kumayenda ndi mapepala osonyeza kuti si mlendo. Mfundo yomalizayi muisunge, tidzaipezanso kutsogoloku.

Ulere wathunthu sunakhalitse. Mu Epulo 1951, nduna ya zachuma Hugh Gaitskell, pofuna ndalama za zida nthawi ya nkhondo ya ku Korea, anaika malipiro pa mano oikirira ndi magalasi a maso. Bevan anatula pansi unduna, ndipo Harold Wilson anamutsatira. Mu 1952 boma la Conservative linaika shilingi imodzi pa pepala la mankhwala. Shilingi imeneyo yakhala ikukula. Nditadwala chifuwa mu Febuluwale 2023, dokotala anandiona mwaulere, koma kusitolo ya mankhwala ndinalipira £9.35. Ndikanakhala ku Wales, Northern Ireland kapena Scotland sindikanalipira, poti iwo anathetsa malipirowa mu 2007, 2010 ndi 2011.

Mpanda wa alendo unayamba kuimikidwa mu 1982, nthawi ya Margaret Thatcher, pamene anakhazikitsa malamulo oyamba olipiritsa anthu osakhala m'dzikomo akagonekedwa m'chipatala. Kwa zaka zambiri mpandawu unali wa mipata, zipatala zambiri sizinkalimbikira kufunsa. Unadzalimba ndi Immigration Act ya 2014, Theresa May ali nduna ya za m'dziko. Kuyambira Epulo 2015, anthu ambiri ochokera kunja kwa Europe opempha viza yopitirira miyezi 6 anayamba kulipiriratu ndalama ya chipatala, yotchedwa Immigration Health Surcharge, asanakwere n'komwe ndege: £200 pachaka, ana a sukulu £150. Mu Januwale 2019 inafika £400 ndi £300. Mu Okutobala 2020, £624 ndi £470. Mu Febuluwale 2024, £1,035 ndi £776. Zaka zisanakwane 10, yakwera kasanu.

Mlendo wa masiku ochepa, ngati Amayi, salipira ndalama imeneyi, koma ku England kuyambira 2015 akagonekedwa amamulipiritsa 150 peresenti ya mtengo wa chithandizo. Kuyambira Okutobala 2017, ngati matenda si adzidzidzi, ayenera kulipira kaye asanathandizidwe. Kuonana ndi GP ndi kulandiridwa pakhomo la odwala mwadzidzidzi n'zaulere kwa aliyense. Mita imayamba kuwerenga munthu akangolowa pa wodi. Ndipo ngongole ya £500 kapena kupitirira ikatha miyezi iwiri popanda kubweza kapena kugwirizana za kabwezedwe, dzina limapita kwa oona za olowa ndi otuluka, ndipo viza yotsatira atha kuikana. Pali mndandanda wa matenda opatsirana amene amachiza mwaulere aliyense, monga TB, HIV ndi malungo. Nditauwerenga ndinaseka ndekha usiku. Amayi akanabwera ndi malungo a kwathu, sitikanalipira kanthu. Iwo anakadwala matenda a m'ndege.

Apa ndi pamene pamandiwawa. Mu Ogasiti 2022, ndikupempha viza yanga ya sukulu, anandiwerengera chaka ndi theka pa £470, zonse £705, zomwe nthawi imeneyo zinali zoposa K800,000. Izi zinali pamwamba pa mtengo wa viza ndi wa kujambulitsa m'chifuwa kuti aone ngati ndilibe TB, poti Malawi ili pa mndandanda wa mayiko oyezedwa. Amene anandithandiza fizi sanalipire gawo limenelo. Analipira ndi Amayi, kuchokera pa ndalama zawo zopumira pantchito, za zaka zoposa 30 zopuma fumbi la choko. Ndiye munthu amene pepala linkamutcha wosasonkhako, anali atasonkha kale £705 m'thumba lomwelo, kungoti lisiti linalembedwa dzina langa. Ine ndinagwiritsapo ntchito kuonana ndi dokotala kawiri. Komanso pa malipiro anga a makatoni aja ankandidula ngati wina aliyense.

Sindikunena kuti omanga mpanda alibe mfundo. Chipereganyo chili ndi mamembala. Ngakhale mu banki m'khonde ya Amayi, munthu wodutsa m'njira sangangofika tsiku logawana n'kutambasula dzanja. Anthu a ku Britain amadikira miyezi kuti achitidwe opaleshoni, ndipo akamva kuti wina wangotsika ndege n'kupeza bedi, mtima umawapweteka. Zimenezo ndimazimvetsa. Koma zimene Bevan anachenjeza zinadzachitika ndithu. Mu 2018 kunaphulika nkhani ya ana a m'badwo wa Windrush, anthu amene anakhala m'dzikomo movomerezeka zaka makumi anayi kapena kuposa, koma analibe mapepala otsimikizira. Ena anachotsedwa ntchito, ena anathamangitsidwa m'dziko. Bambo wina wobadwira ku Jamaica, amene anafika mu 1973 ali mnyamata kutsatira mayi ake omwe anali namwino, anauzidwa kuti alipire £54,000 asanayambe kulandira chithandizo cha khansa. Anadzathandizidwa nkhani yake itatuluka m'manyuzipepala. Msampha wotchera mlendo unakola mwana wa m'nyumba.

Tibwerere pa wodi paja. Usiku wachiwiri namwino wina wachikulire anawerenga dzina pa kabolodi ka kumutu kwa bedi, anaima kaye, kenako anati, "Amayi, mwaswera bwanji? Kumudzi n'kuti?" Mukanaona nkhope ya Amayi! Munthu amene kwa masiku awiri ankangogwedeza mutu anayamba kufotokoza matenda ake kuyambira ku Lilongwe. Anti amenewa anali a ku Mulanje. Unamwino anaphunzirira kwathu konkuno, anagwira ntchito m'zipatala za boma, n'kuchoka mu 2003. M'mawa mwake, atamaliza shifiti, anabweranso ndi phala la mgaiwa m'fulasiki.

Chaka cha 2003 chimenecho chili ndi mbiri yake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Edzi ili pachimake, anamwino a ku Malawi ankachoka mwaunyinji, ambiri kupita ku Britain komwe boma la Tony Blair linkakulitsa NHS. Dziko limene linatsegula sukulu yake yoyamba ya madokotala, College of Medicine, mu 1991 mokha, linkaphunzitsa anthu ndi misonkho ya alimi a fodya n'kumakawapeza pa bwalo la ndege. Kunafala mphekesera yoti ku Manchester kuli madokotala Achimalawi ambiri kuposa m'Malawi monse; ofufuza anadzapeza kuti si zoona, koma anthu anaikhulupirira chifukwa inkafanana ndi zimene ankaona m'mawodi. Mu 2004 boma linavomereza kuti vuto la kusowa kwa antchito a zaumoyo lafika posauzana, ndipo kuyambira 2005 linakweza malipiro awo ndi 52 peresenti, ndi thandizo la Global Fund komanso la Britain yemweyo. Mu 2023 Malawi inali pa mndandanda wa World Health Organization wa mayiko 55 osowa kwambiri antchito a zaumoyo, kumene Britain inalonjeza kuti siizikakopako anthu. Koma munthu wopempha yekha ntchito saletsedwa, ndipo sindingamuweruze. Anti aja anaphunzitsa ana a achemwali awo anayi ndi mashifiti a usiku.

Chodabwitsa n'choti mpaka 2020, namwino wobwera kumene pa viza ya ntchito naye ankalipira ndalama ya chipatala ija, kulipirira chipatala chimene iye mwini akuchigwirira ntchito. Zinasintha nthawi ya Covid-19. Boris Johnson atatuluka m'chipatala mu Epulo 2020 anathokoza poyera anamwino awiri amene anamudikirira usiku, wina wa ku New Zealand, wina wa ku Portugal. Patangotha mwezi, anthu atadzudzula kwambiri, boma lake linalengeza kuti antchito a zaumoyo ndi osamalira okalamba asamalipirenso. Panafunika kuti nduna yaikulu igone pa bedi, iyang'ane m'mwamba, ione nkhope ya amene akuisamalira.

Tsiku lotuluka, Anti anandiitanira pakhonde. "Achimwene, za bilu akuuzani?" Ndinati eya. "Inshulansi?" Ndinangoyang'ana pansi. Sanandikalipire. Anangoti, "Ikabwera munditumizire chithunzi. Osaibisa pansi pa pilo, imabereka mavuto." Kalata ija itafika ndinachita zomwezo. Kuderako kuli gulu la pa WhatsApp la Amalawi, limene linayambira pa maliro: wina akamwalira amasonkherana zotumizira thupi kumudzi. Anti analembamo mizere itatu, osatchula dzina la Amayi, kungoti kholo la mnzathu linadwala lili paulendo. Ndalama zinayamba kulowa: £10, £20, wina £50. Osamalira okalamba, madalaivala, ana a sukulu anzanga, ndi anzathu angapo a ku Zambia ndi Zimbabwe amene amapemphera nawo limodzi. Bambo wina amene sindinamuonepo anatumiza £15 n'kulemba kuti, "Kupatsa n'kuika, aise." M'masiku 9 zinakwana £1,720. Zotsalazo ndinamalizira ndi malipiro anga omaliza ndi dipoziti ya chipinda. Ndinakwera ndege yobwerera kwathu ndili ndi digiri, lisiti, ndi £40.

Ndili m'ndegemo, ndikudzuka pafupipafupi kuyendetsa miyendo, ndi pamene ndinazindikira chimene chinachitika. Chipereganyo chachikulu chitatitsekera chitseko, anthu ongolandira malipiro a pa ola anapanganso kachipereganyo kakang'ono, kofanana ndendende ndi kamene anthu a m'migodi ya Tredegar anayamba nako. Mbiri inazungulira n'kubwerera pamene inayambira. Ndinaphunzira kuti chipatala chaulere kulibe. Chilipo ndi chipatala chimene anthu anagwirizana kulipiriratu pamodzi, ndipo mkangano wonse wa zaka 75 zapitazi wagona pa funso limodzi: akati "pamodzi", akuwerenga ndani?

Funso limeneli si la azungu okha. Kwathu kuno zipatala za boma n'zaulere kuyambira 1964, chaka cha ufulu, boma likutsogoleredwa ndi dokotala wa ku Harlesden uja. M'ma 1980 ndi 1990, pamene mayiko ambiri a mu Africa ankaika malipiro m'zipatala potsatira malangizo a World Bank, Malawi sinatsatire, ngakhale zipatala za mishoni za pansi pa CHAM zimalipiritsa, ndipo m'zipatala zikuluzikulu muli mawodi olipira. Ndi chinthu chonyaditsa. Koma tonse tikudziwa kumene bilu yathu imabisala. Amayi anafunika kumwa mankhwala oletsa magazi kuundana kwa miyezi 6. Pa kachipatala ka kufupi ndi kwathu anawalandira bwino, anawalembera m'kabuku mwaulere, n'kuwauza kuti mtundu umenewo palibe, akagule. Tinkagula ku Lilongwe mwezi ndi mwezi. Ku England bilu imabwera mu envelopu. Kwathu imabwera pa kapepala ka dokotala, pa thiransipoti, ndi pa masiku amene wodikirira odwala wasiya munda.

Ndipo nafenso tili ndi alendo athu. Amene mumadutsa pa Lizulu mukudziwa kuti msewu wa M1 ndiwo malire: mbali iyi Malawi, mbali inayo Mozambique, kabichi ndi mbatatesi n'zimodzi, Chichewa n'chimodzi, maukwati ndi amodzi. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa 1990, dziko lino linasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ambiri m'maboma a m'malire ngati Ntcheu ndi Dedza. Mpaka lero anthu a tsidya linalo amabwera kudzalandira chithandizo kuno, ndipo mankhwala akatha, pa benchi pamamveka mawu omwe aja ndinkawamva pa wailesi ku England: alendo akutithera mankhwala. Chibwerereni zitupa za unzika mu 2017, ena akhala akunena kuti tizionetsa chitupa tisanalandire chithandizo. Ndikamva zimenezi ndimakumbukira gogo wa kumudzi amene chitupa chake chinatha ntchito kapena chinanyowa ndi mvula, ndi bambo wa ku Jamaica uja. Mpanda sufunsa kuti wakodwa ndani.

Ngati muli ndi kholo limene mukuliitanira kunja, gulani inshulansi, werengani zimene ikukana kulipira, makamaka ngati munthu ali ndi BP kapena shuga, ndipo muwauze kuti m'ndege azidzuka, mzungu adzagonanso. Limenelo ndi phunziro lotsika mtengo, ine ndinaligula modula.

Amayi ndinawauza zoona mu Epulo, chimanga chitayamba kuuma. Tinali pakhonde, akusenda nthochi. Ndinawafotokozera za mayi wa mafomu, za £2,460, za gulu la pa WhatsApp. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye unandinamiza kuti akufunsa ngati ndadya." Ndinavomera. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope lawo lachikuto chakuda, lija amalembamo amene anapepesa pa maliro a Bambo, wakuti nkhuku, wakuti thini ya ufa, wakuti K500. "Unditchulire mmodzimmodzi," anatero. Ndinatsegula foni. Analipo 61. Ena ndi mayina a pa WhatsApp chabe, ena nambala zokha. Amayi analemba onse ndi dzanja lawo la uphunzitsi, aliyense ndi ndalama yake, osaisintha kukhala makwacha. Ndinawafunsa kuti adzawabwezera bwanji anthu amene ali kutali chonchi, oti ngakhale nkhope zawo sakuzidziwa.

"Ali ndi abale kuno," anayankha, akutseka kope. "Tidzamva."